Mafilimu a nyimbo opambana onse, mmene ndimaonera ine

Mu 2006 bungwe la American Film Institute linatulutsa mndandanda wa mafilimu a nyimbo 25 omwe iwo amati ndi opambana onse. Pamwamba penipeni anaikapo Singin' in the Rain, kenako West Side Story, The Wizard of Oz, The Sound of Music, nambala 5 n'kukhala Cabaret. Mndandandawo ndi wabwino ndithu sindingakane, koma mudziwe kuti iwo amangoona mafilimu a kwawo ku America basi, nde vuto limabwera anthu akamautenga ngati dziko lonse lathera pamenepo. Mulibe India m'menemo, mulibe Sarafina!, pamene ambirife mafilimu oti anthu akuyankhula kenako ayamba kuyimba ndi kuvina tinawadziwira ku vidiyo sho, titakhala pa benchi, kaseti ya chimwenye ili mkati.

Ine muyezo wanga ndi umodzi. Tengani filimuyo muchotsemo nyimbo zonse, ikatsala ikumvekabe bwinobwino ndiye kuti nyimbozo zinali zongokometsera. Koma pali mafilimu ena oti ukangochotsa nyimbo imodzi nkhani yonse imagwa, chifukwa chinthu chachikulu chimachitikira mkati mwa nyimboyo, munthu amanena poyimba zimene sakanatha kuzinena pongoyankhula.

Zinayamba mafilimu atangoyamba kutulutsa mawu. The Jazz Singer ya 1927 ndi imene imatchulidwa kuti inatsegula njira, ngakhale Al Jolson amayimbamo atadzipaka zakuda kumaso potsanzira anthu akuda, zinthu zomwe zimandinyansa ndipo sindingauze munthu kuti akaionere pofuna kusangalala. Ku India filimu yoyamba ya mawu inali Alam Ara ya 1931, inali ndi nyimbo 7 kale, koma inasowa, palibe kope lomwe linatsala.

Singin' in the Rain ya 1952 imakamba za nthawi yomweyo, pomwe masitudiyo a ku Hollywood anasokonezeka chifukwa akatswiri ena omwe amaoneka bwino pa sikirini anapezeka kuti mawu awo ndi osamveka bwino. Malo amene aliyense amawadziwa ndi aja Gene Kelly waperekeza mtsikana kwawo usiku, mvula ikugwa, galimoto ikumudikira koma iye akuiuza kuti izipita. Akuyamba kuyenda pang'onopang'ono akung'ung'udza, kenako akutseka ambulera dala, akukwera pa mtengo wa getsi wa mumsewu, akuima pansi pa paipi yotsitsa madzi a padenga kuti amukhuthukire kumutu, mpaka akumapondaponda m'zithaphwi ndi mapazi onse awiri. Wapolisi akubwera n'kuima manja atapinda akungomuyang'ana. Iye akuchoka mwamanyazi pang'ono, ambulera ija n'kupatsa munthu wodutsa. Palibe pomwe akufotokoza kuti wagwa m'chikondi koma wina aliyense woonera amadziwa, ngakhale amene Chizungu sachimva. Pamenepo nde ndimavomereza kuti nambala 1 ija sanalakwitse kwambiri.

Koma chinthu chimene chimandikhudza mu filimuyi ndi china. Nkhani yake ndi yoti mtsikana wosadziwika, Debbie Reynolds yemwe anali ndi zaka 19 zokha, akuyimba kuseri kwa katani m'malo mwa katswiri wotchuka wa mawu oipa, ndipo pamapeto katani ikutsegulidwa kuti anthu aone woyimba weniweni. Zokoma eti? Pomwe zoona zake n'zoti mu filimu yomweyi nyimbo ina ya Debbie Reynolds anamuyimbira ndi mayi wina, Betty Noyes, ndipo dzina lake silinalembedwe paliponse. Filimu yodzudzula kubisa oyimba inabisanso woyimba.

Umu ndi mmene Hollywood inkachitira kwa zaka zambiri. Pali mayi wina dzina lake Marni Nixon, ngati munaonerako The King and I ya 1956, West Side Story ya 1961 kapena My Fair Lady ya 1964 ndiye kuti mawu ake munawamva. Nkhope ndi ya Deborah Kerr, ya Natalie Wood, ya Audrey Hepburn, koma pakhosi ndi pa Marni Nixon, ndipo mafilimuwo akutuluka dzina lake panalibe. West Side Story inatenga ma Oscar 10, nyimbo za Leonard Bernstein ndi mawu a Stephen Sondheim, magule a Jerome Robbins aja anyamata akuyenda mumsewu wa New York akukhwatchitsa zala kenako kuyenda kuja n'kusanduka kuvina osadziwa kuti kwasintha nthawi yanji. Ndi filimu yaikulu zedi ndipo Rita Moreno yekha ndi wokwanira kuti uionere. Koma nthawi zonse Maria, mtsikana amene Natalie Wood amasewera, akayamba kuyimba ndimaganiza za mayi amene anaima pa maikolofoni mu situdiyo akuyang'ana milomo ya munthu wina kuti apume pomwe iye wapumira. Nkhope ya Marni Nixon inadzaoneka mu The Sound of Music, ndi mmodzi mwa masisitere aja amayimba zodandaula za Maria wa m'filimu imeneyo. Anamwalira mu 2016.

Tsopano tiwoloke tipite ku India chifukwa kumeneko nkhani yomweyi inatha mosiyana. Nakonso poyamba ankabisa. Nyimbo imene inatchukitsa Lata Mangeshkar mu filimu ya Mahal ya 1949 inatuluka pa mbale ndi dzina la munthu wa m'seweromo osati lake, anthu n'kumalembera ku wailesi kufunsa kuti kodi akuyimbayu ndani. Zinthu zinasintha mpaka oyimba a kuseri anakhala otchuka mofanana ndi amene amaoneka pa sikirini, mphoto za Filmfare zinayamba kupereka mphoto ya oyimba oterewa mu 1959 ndipo woyamba kulandira anali Lata yemweyo. Anayimba kwa zaka zoposa 70, anamwalira mu February 2022 ali ndi zaka 92 boma la India n'kulengeza masiku a maliro. Kumeneko palibe amene amanamizidwa, aliyense amadziwa kuti wovina ndi uyu woyimba ndi uyo, ndipo onse awiri amalemekezedwa. Ine ndimaona kuti chilungamo chake ndi chimenechi.

Ndipo mukandifunsa filimu imodzi yoti ikanayenera kukhala pa mndandanda uliwonse, ndi Mughal-e-Azam ya 1960 ya K. Asif. Ndi yaitali, imapitirira maola atatu, nkhani ya Salim mwana wa mfumu Akbar amene wakonda Anarkali, mtsikana wovina kunyumba yachifumu, bambo ake n'kukana kwamtuwagalu. Filimu yambiri inajambulidwa yakuda ndi yoyera, koma pali malo ochepa omwe anaika mitundu, ndipo amodzi ndi pomwe Anarkali wauzidwa kuti avine pamaso pa mfumu. Mfumu ikuyembekezera kuti mtsikanayo wagonja, wamusiya mwana wake. Madhubala, amene akusewera Anarkali, akulowa m'chipinda chomwe makoma ndi denga zonse ndi timagalasi ting'onoting'ono, akuvina kaye, kenako mawu a Lata akuyamba ndipo zomwe akuyimba ndi zoti iye wakonda, sanabe kanthu, nde aope chani. Akuyimba akuyang'ana mfumu m'maso, pamaso pa mfumukazi ndi nduna zonse. Kamera ikupita kudenga ndipo ukuona Anarkali mazanamazana mu timagalasi tija, kulikonse komwe mfumu ingayang'ane akupezako yemweyo, nkhope ya Prithviraj Kapoor, amene akusewera mfumuyo, ikufiira ndi ukali. Kapolo sangayankhe mfumu pa bwalo, mutu ungadulidwe asanamalize chiganizo, koma nyimbo anamupempha okha ndipo mfumu ikuyenera kukhala pansi kumvetsera mpaka ithe. Apa ukachotsa nyimbo filimu yatha. Nyimbo zake anapeka ndi Naushad, ndipo mu 2004 filimu yonse inaikidwa mitundu n'kuonetsedwanso m'makanema.

Ndikudziwa ena anena kuti nanga Disco Dancer, nanga Kuch Kuch Hota Hai. Disco Dancer ya 1982, Mithun Chakraborty ndi nyimbo za Bappi Lahiri, inafika kutali kwambiri mpaka ku Soviet Union anthu ankaikonda koopsa, ndipo ine ndimaikonda ndi mtima wonse ngakhale nkhani yake ndi yofooka. Dilwale Dulhania Le Jayenge ya 1995 nayo yakhala ikuonetsedwa ku holo ya Maratha Mandir ku Mumbai kwa zaka zoposa 25. Sizocheza zimenezo.

The Sound of Music ya 1965 sindikhalitsapo. Julie Andrews mawu ndi akeake ndipo ndi oyera bwino, mapiri a ku Salzburg ndi okongola, inatenga ma Oscar 5. Koma nkhani ya ma Nazi anaifewetsa kwambiri, banja lenileni la von Trapp silinathawe pokwera mapiri usiku, linangokwera sitima kupita ku Italy. Imene inayang'ana nkhaniyi m'maso ndi Cabaret ya 1972 ya Bob Fosse, ya Liza Minnelli, yomwe inatenga ma Oscar 8 chaka chomwe kunalinso The Godfather. Nkhani ili ku Berlin mu 1931. Nyimbo zonse zimayimbidwa pa siteji mu kalabu ya usiku kupatula imodzi, ndipo imodziyo ndi yoopsa kuposa zonse. Ndi masana, anthu akumwa mowa panja dzuwa likuwala, mnyamata wa nkhope yosalakwa akuyamba kuyimba za mitengo ndi mitsinje ya kwawo, mawu okoma kwambiri. Kamera ikutsika pang'onopang'ono ndipo ukuona chizindikiro cha ma Nazi pamkono pake. Anthu akuyamba kuimirira mmodzimmodzi, atsikana, azibambo, nyimbo ikukula n'kusanduka ya nkhondo, nkhope zija zauma. Mkulu mmodzi wokalamba yekha ndi amene wakhalabe pansi, akungoyang'ana uku ndi uku wosowa mtendere. Chimene chimandiopsa n'choti nawenso woonera nyimboyo inali itayamba kukukomera usanaone mkono uja.

Mphamvu yomweyi ya anthu oyimba pamodzi ndi imene ili mu Sarafina!, koma ili m'manja mwa oponderezedwa. Inayamba ngati sewero la pa siteji la Mbongeni Ngema ku Market Theatre ku Johannesburg mu 1987, nyimbo zina anapeka ndi Hugh Masekela, n'kupita ku Broadway ku New York mu 1988 komwe Leleti Khumalo, amene amasewera Sarafina, anasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya Tony ya masewero a pa siteji ali mtsikana wamng'ono. Filimu inatuluka mu 1992, anawongolera ndi Darrell Roodt, muli Whoopi Goldberg ngati mphunzitsi, John Kani, Miriam Makeba ngati mayi ake a Sarafina, ndipo Ngema mwiniwake anasewera wapolisi wachikuda wogulitsa anthu akwawo. Muzu wake ndi ana asukulu a ku Soweto amene pa 16 June 1976 anatuluka mumsewu kukana kuphunzitsidwa mu Afrikaans apolisi n'kuwaombera.

Akatswiri ena a mafilimu ankati kuvina ndi kuzunzidwa kwa ana m'ndende sizikugwirizana mu filimu imodzi. Ine pamenepo ndimakana. Munthu amene anagonapo pa maliro kwathu kuno, mayi mmodzi kuyambitsa nyimbo pakati pa usiku ena n'kulandira misozi ili m'masaya, sangadabwe kuona ana akuyimba ndi kuvina pamanda a anzawo. Ku South Africa anthu ankayimbadi pothamangitsidwa ndi apolisi, toyi-toyi sinapekedwe ndi a filimu. Nde mu Sarafina! nyimbo sizidula nkhani, moyo wake unali womwewo. Tamverani Pemphero la Ambuye lija ana akuyimba pa asembule m'mawa, yunifolomu yakuda ndi yoyera, mphunzitsi akuwatsogolera ndi manja, kenako muganize kuti ena mwa ana omwewo muwaona m'mabokosi. Ndipo malo amene amandiliza si a mfuti ayi, ndi pomwe Sarafina watuluka m'ndende wapita kwa mayi ake komwe amagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu, mayi amene kale ankawaona ngati amantha chifukwa amalera ana a eni ake awo ali okha ku lokeshoni, tsopano wazindikira kuti ngwazi ndi iwowo. Miriam Makeba yemwe anakhala zaka pafupifupi 30 osaloledwa kubwerera kwawo, ndi amene waima pamenepo atavala epuloni.

Komanso musaiwale chaka, 1992. Ndi chaka chomwe maepiskopi a Katolika kuno analemba kalata yawo ija mu March, chaka chotsatira n'kukhala riferendamu. Nyimbo yonena kuti ufulu ukubwera mawa sinali nkhani ya ku Soweto kokha kwa munthu woionera ku Ndirande kapena ku Kawale zaka zimenezo. Ngema anamwalira pa ngozi ya galimoto mu December 2023.

Pali inanso ya ku South Africa komweko imene anthu ambiri sanaionere ndipo zimandiwawa, U-Carmen eKhayelitsha ya 2005. Anatenga opera ya Carmen ya Georges Bizet, ya mu 1875, n'kuiika ku Khayelitsha ku Cape Town, yonse kuyimbidwa m'Chixhosa. Pauline Malefane ndi amene ali Carmen, mayi wogwira ntchito ku fakitale ya ndudu, wathupi lake, wosaopa mwamuna aliyense, ndipo mawu amene mukumvawo ndi akeake, anathandizanso kumasulira nyimbozo m'chilankhulo chake. Inawina Golden Bear, mphoto yaikulu kwambiri ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Berlin. Ndi yovutirapo kuipeza kusiyana ndi zinazi koma mukaipeza, kaya pa DVD kaya pa intaneti, ikani voliyumu yokwanira ndipo musaithamangitse.