Bowo lachiwiri lija lapeza ntchito

Anzanga ojambula maukwati kuno ku Nchalo, tamverani izi. Kabokosi kanga kosungiramo mavidiyo, kaja amati NAS, kali ndi mabowo awiri a netiweki kumbuyo. Chaka chonse lachiwirilo limangomwa fumbi.

Poyamba ndinalowetsa zingwe ziwiri mu rauta, ndimvekere liwiro liwirikiza. Ndinalemba m'madzi. Kuti mabowo awiri agwire ngati limodzi kawirikawiri pamafunika switch (kabokosi kolumikizira zingwe za netiweki) yodziwa LACP, njira yophatikizira zingwe, ndipo ngakhale ikhalepo, fayilo imodzi yochokera pa kompyuta imodzi imadutsabe chingwe chimodzi.

Chimene chimandichedwetsa kwenikweni ndi rauta yanga yakale. Mabowo ake ndi a 100 Mbps, kutanthauza pafupifupi 12 MB pa sekondi basi, ndiye vidiyo ya 40 GB ya ukwati wa ku Ngabu imadya ola lathunthu, ine thukuta kamukamu, eni ake foni osapuma.

Dzulo ndinatenga chingwe cha netiweki cha mtundu wa Cat6 n'kulumikiza laputopu ku bowo lachiwirilo mwachindunji, osadzera pa rauta. Ma IP, omwe ndi maadiresi a zipangizo pa netiweki, ndinalemba pamanja: kabokosi 192.168.50.1, laputopu 192.168.50.2, gateway (adiresi yotulukira pa intaneti) osaika. Samalani kuti chiyambi cha manambalawa, 192.168.50, chisafanane ndi cha rauta, apo bii zimasokonezana. Abale inu, pafupifupi 110 MB pa sekondi! Vidiyo yomwe ija mphindi 7 zisanakwane yatha, tiyi asanazizire n'komwe.

Bowo loyamba likadali pa rauta kuti mayi a kunyumba azionabe zithunzi pa foni. Chatsala n'kukagulira kafani, poti Okutobala wa kuchigwa kuno ma hard disk sagwirizana naye.