Tsiku lomwe ndinalowetsa mutu m'makina oumitsira zovala

Anthu amene sanakhalepo ku Mzuzu amaseka akamva kuti kwathu kuli makina oumitsira zovala. Amati dzuwa laulere lonseli? Abwere mu Epulo, mvumbi utagwira masiku atatu, yunifolomu ya mwana ili pachingwe pakhonde chinyowere, mawa lili Lolemba. Makina athu anabwera nawo alamu anga kuchokera ku Johannesburg, atagwira kale ntchito kumeneko, ndipo kuno ku Katoto anatitumikira zaka ziwiri popanda vuto.

Kenako zovala zinayamba kutuluka ndi fungo la chuku, ngati za m'sutikesi yomwe yakhalitsa kunsi kwa bedi. Nditaunika ndi tochi ya foni, ndinapeza mgolo wa mkati, womwe unali woyera, uli mawanga a buluu, ndipo chakumbuyo kwake kunali kanthu kakuda komata.

"Amayi a Tadala, ingothirani Jik basi," anatero bambo a kunyumba, ali pakhomo ndi kapu ya tiyi. Sindinawamvere, chifukwa ndinali nditagula kale viniga. Jik ndi viniga zikakumana zimatulutsa mpweya wa chlorine womwe umawotcha maso ndi m'chifuwa, ndiye ganizirani mutu wanu uli m'kati mwa mgolo. Palafini, petulo kapena sipiliti ndiye musayerekeze n'komwe. Makinawa amatentha, ndipo fungo la mafuta lotsalira lingathe kuyaka.

Ndinayamba ndi kanthu kakuda kaja. Ndinayatsa makina opanda kanthu kwa mphindi 10 kuti mgolo ufunde, kenako n'kuzula pulagi pakhoma. Kuzula ndithu, osati kungozimitsa. Zomatazo zinali zitafewa, ndipo ndinazipala ndi khadi yakale ya kubanki. Inali chingamu pamodzi ndi kachidutswa ka chekeni, zochokera m'thumba la kabudula wa Tadala. Mpeni kapena waya wotsukira mapoto sizoyenera pamenepa, chifukwa utoto wa mgolo ukakandika dzimbiri limalowa, ndipo dzimbiri pa malaya oyera ndi nkhani ina yowawa.

Kenako madzi ofunda m'ndowa, timadontho ta sopo wotsukira mbale, ndi kansanza kofinya bwino kuti madzi asalowe m'timabowo ta kumbuyo komwe kuli zamagetsi. Ndinkapukuta mbali imodzi, n'kuzunguza mgolo ndi dzanja, n'kupukutanso. M'makona mwa timapiko tomwe timatembenuza zovala ndinalowamo ndi mswachi wakale, ndipo munatuluka litsiro lomwe sindikufuna kulikumbuka.

Buluu ndi amene anandidyera nthawi. Ndinakanda soda, yemweyu timathira m'therere, ndi madzi pang'ono mpaka akhale ngati phala lolimba, n'kumata pa mawanga onse. Patatha mphindi 20 ndinakwecha ndi siponji. Anachepa pang'ono. Ndinabwereza kachiwiri, mawondo akupweteka pasimenti yozizira, mkono utatopa. Anachepanso, koma sanathe. Utotowu ndi wa majinzi atsopano ndi zitenje zosuluka, ndipo kutentha kumauphikira pa mgolo. Nditatsuka soda yense, ndinapukuta ndi viniga wosakaniza ndi madzi muyezo wofanana, ndinasiya chitseko chotsegula, n'kupita kukaphika.

Nditabwerako ndinanunkhiza. Viniga anali atauluka, chuku chilipobe.

Apa ndinakhala pansi kaye, mtima utaphwa. Mgolo unali woyera kuposa kale lonse, ndiye fungolo likuchokera kuti? Ndinasolola sefa ya pachitseko, ija imakola timaulusi ta zovala. Timaulusi ta zovala ndimachotsa nthawi zambiri, sindinama, koma kuitsuka ndinali ndisanaitsukepo. Nditaiika pampopi, madzi anangodikha pamwamba osadutsa: mankhwala ofewetsa zovala anali atatseka timabowo take ngati phula. Sopo ndi mswachi zinathana nazo. M'mphako yomwe sefayo imakhala ndinapisamo dzanja mpaka pachigongono, n'kutulutsa ulusi wodzaza manja awiri.

Ndinaitana bambo a Tadala kuti tikoke makinawo kuwachotsa kukhoma. Paipi yotulutsira mpweya, ija yamakwinya yonenepa ngati mwendo, inali itapindika n'kugwera pansi pakati pake. Nditaimasula n'kuipendeketsa, munatuluka madzi akuda pafupifupi kapu yathunthu, kenako chibuluma cha ulusi wonyowa, chaimvi, chamadontho obiriwira. Bambo anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. "Mayi wanga ine! Ndiye takhala tikuvala zimenezi?"

Zimachitika n'zakuti mpweya wotentha wochokera ku zovala umakhala ndi nthunzi. Ukafika m'paipi yozizira, makamaka m'kuzizira kwathu kuno, nthunzi ija imasanduka madzi, ndipo paipi ikakhala ndi pogwera madziwo amaima pomwepo. Ulusi umamatirira, chuku chimamera, fungo n'kumabwerera mu mgolo makina akazima. Mpake kuti zovala zinkatenga nthawi yaitali kuti ziume, mayunitsi a magetsi n'kumangotha ngati tikuotcha njerwa. Choopsa kwambiri n'chakuti ulusi wotere ukauma sukana moto.

Paipiyo tinaitsukira panja. Tinamanga chisanza ku ndodo ya tsache n'kuchilowetsa uku ndi uku, tinaithira madzi a sopo, kenako tinaipachika pakhonde usiku wonse kuti idonthe. M'mawa tinaidula pang'ono kuti ifupike, iyende mowongoka mpaka pawindo, n'kuimangirira ndi waya kuti isagwenso.

Mayeso anali matawulo awiri akale oyera. Ndinawanyowetsa, kuwafinya, n'kuwazunguza m'makinamo kwa mphindi 30. Anatuluka ofunda, osanunkha kanthu, opanda ngakhale kadontho ka buluu. Mawanga otsala pa mgolo ndinangowasiya, poti sakudetsa chovala.

Masiku ano majinzi ndimawatembenuza ndisanawaponyemo, zovala zikauma sizigona m'makina, ndipo chitseko chimakhala chotsegula pang'ono. Matumba a Tadala ndimapisamo ndekha. Dzulo ndinapezamo chingamu china, mabatire awiri ndi chivindikiro cha bolopeni.