Lipoti la ulendo wa ku Gilmore: Cadillac ya 1959 ndi mkangano wa masipuling'i

A pampando a gulu lathu anandipempha kuti ndilembe za ulendo wathu wa ku Gilmore Car Museum, malo osungirako galimoto zakale kuno ku America, kuti mamembala omwe anatsala chifukwa cha ntchito adziwe mmene zinayendera. Tinanyamuka ku South Bend Loweruka mmawa pa minibasi yobwereka, ena akutsatira pa galimoto zawo. Tinachedwa kunyamuka, ndipo odikiritsa anzawo akudzidziwa. Tinalowa m'chigawo cha Michigan cha ku Niles, n'kudutsa Kalamazoo, kenako msewu wa m'minda mpaka ku Hickory Corners, ulendo wosakwana maola awiri.

Malowa anawayambitsa ndi Donald Gilmore, mkulu wa kampani ya mankhwala ya Upjohn. Mkazi wake, Genevieve, anamugulira galimoto ya Pierce-Arrow ya 1920 m'chaka cha 1963 kuti aziikonza atapuma pa ntchito, ndipo bambowo chibaba cha galimoto zakale chinawagwira mpaka pakhomo malo anachepa. Mu 1966 anatsegula malowa kuti anthu azidzaona. Lero ndi maekala 90, galimoto zoposa 400, zambiri zili m'nkhokwe zofiira za pa famu. Cadillac ndi Lincoln zili ndi nyumba zawozawo, zomangidwa motengera masitolo ogulitsira galimoto akalekale.

Koma chomwe chinatidyera tsiku sichinali m'nyumba. Tsikulo eni galimoto anabwera ndi zawo kudzaziyala pa kapinga, ndipo pakati pawo panali Cadillac Eldorado Biarritz ya 1959, ya denga lopinda, yofiira psuu, mkati mwa chikopa choyera. Ana anathamangira kumbuyo kwake, komwe kuli zipsepse ziwiri zosongoka, chilichonse chili ndi nyale ziwiri zofiira zooneka ngati zipolopolo. Palibe Cadillac ina yomwe inakhalapo ndi zipsepse zazitali chotero. Zinayamba zazing'ono mu 1948, okonza maonekedwe a galimoto ku General Motors, kampani yopanga Cadillac, pansi pa mkulu wawo Harley Earl atatengeka ndi mchira wa ndege yankhondo ya P-38. Zinadzakula mopitirira muyeso chifukwa cha mpikisano: Chrysler itatulutsa galimoto zake zazitali, zotsika, za 1957, a General Motors anataya zomwe anajambula kale n'kuyambiranso. Chaka chotsatira cha 1960 zipsepsezo anayamba kuzidula.

Mwini wake, bambo wachikulire wa tsitsi la imvi, anali atakhala pa mpando wopinda pambali pake, m'manja muli nsalu yopukutira. Anatiuza kuti tisakhudze penti koma tifunse chilichonse. Biarritz za chaka chimenecho zinapangidwa 1,320 zokha, iliyonse pa mtengo wa madola 7,401, ndalama yoposa yomwe banja wamba la ku America linkapeza chaka chonse. Kutalika kwake ndi mamita 5.7, kulemera kupitirira matani awiri. Atatsegula boneti tinaona injini ya V8 ya malita 6.4, ya mphamvu za akavalo 345, yokhala ndi makabureta atatu. Ukamayenda mwaulemu limagwira ntchito ndi lapakati lokha; awiri enawo amatseguka ukaponda mafuta mwamphamvu.

Apa ndi pomwe amalume athu, makaniko wa gulu uja, analowerera. Amene mumawadziwa mukudziwa kuti anagwira ntchito m'magaraja a ku Ndirande zaka zambiri asanabwere kuno, ndipo galimoto sayiyang'ana kumaso. Anagwada pa kapinga ndi buluku lawo la tchalitchi, n'kusuzumira kunsi kwa tayala lakumbuyo. Anadzuka akupukusa mutu. Masipuling'i sanawaone. M'malo mwake munali matumba a labala odzaza mpweya.

Mwini galimoto anaseka, n'kufotokoza kuti Eldorado ya 1959 inkatuluka kufakitale ili chomwecho: pampu ya pa injini imapopa mpweya m'thanki, ndipo mavavu amaugawa kumatayala onse anayi kuti galimoto isapendekeke ngakhale kumbuyo kutakwera anthu onenepa. Vuto lake, mpweya unkatuluka. Munthu ankaimika galimoto madzulo, mmawa n'kuipeza yagwada. Eni ake ambiri a nthawi imeneyo anachotsa matumbawo n'kuika masipuling'i achitsulo, ndipo Cadillac yeniyeniyo inasiya njirayi itatha 1960. Galimotoyi nayonso anaigula ili ndi masipuling'i. Iye ndi amene anawachotsa, n'kusakasaka pampu, thanki ndi mavavu akale kwa zaka, kuti abwezeretse matumba aja.

Titawamasulira bwinobwino amalume, anandikoka dzanja. "Mphwanga, wafunsa bwino? Wina anachiritsa matenda, iwowa n'kulipira ndalama kuti matendawo abwerere?"

Ndinafunsanso, ndipo yankho linali lomwelo. Pa zionetsero zotere oweruza safunsa ngati galimoto ikuyenda bwino kuposa kale. Amafunsa ngati ili mmene inatulukira ku Detroit. Anationetsa kachitsulo kakang'ono kokhomedwa pansi pa boneti cha kufupi ndi galasi, kolembedwa manambala a mtundu wa penti ndi wa chikopa. Ukapaka mtundu wina, ngakhale wokongola, mapointi amachoka. Batire, mahosipaipi, tizitsulo tomangira mahosipaipiwo, zonse amaziyang'ana. Matayala ake ndi a mkombero woyera a mtundu wakale, omwe amatsatira mizere ya msewu n'kumakoka chiwongolero. Mabuleki ndi a dilamu kutsogolo ndi kumbuyo, pa chigalimoto cholemera chonchi.

Amalume sanagonje. Anati iwo akanaika mabuleki a disiki, kabureta limodzi losavuta, masipuling'i, basi galimoto izipita kuukwati Loweruka lililonse. Mwini wakeyo anavomera kuti alipo ambiri ochita zimenezo, ndipo galimoto zawo n'zokoma kuyendetsa, koma pa msika wa osonkhanitsa galimoto zakale mtengo wake umatsika. Biarritz yokonzedwa mosaphonya imatha kupitirira madola 150,000 pa okushoni. Anawonjezera mwakachetechete kuti ngakhale atagulitsa pa mtengo wotero, sangabweze zomwe anawononga.

Titaona zithunzi za mu chikwatu chake tinamvetsa. Galimoto ya denga la nsalu imadontha, madzi n'kukhala pansi pa kapeti, ndipo kuno m'nyengo ya chipale amathira mchere m'misewu. Pa chithunzi china pansi pa mpando wa dalaivala pankaoneka simenti ya garaja kudzera m'chibowo. Anadula zowola zonse, n'kuwotcherera malata atsopano, thupi la galimoto atalinyamula kulichotsa pa chasisi. Chodula kwambiri anati ndi chrome. Zokongoletsa zambiri zinaumbidwa ndi chitsulo chofewa chomwe chimachita timabowo ngati nthomba, ndipo kabowo kalikonse amakaboola, kukadzaza, kukasalaza, asanakute chitsulocho ndi kopa, nikelo, kenako chrome. Pa Cadillac ya 1959 zonyezimira zili paliponse, kutsogolo mpaka kumbuyo. Pa zithunzi za kuwotcherera amalume anakhala chete nthawi yaitali, akuyandikitsa chithunzi kumaso. Anangoti ntchito iyi ndi ya munthu wodziwa.

Ana atachonderera, bamboyo analiza injini n'kukweza denga. Anayamba wachotsa chivundikiro cholimba chomwe chimabisa denga likapindidwa, kenako anakankha kabatani. Kuseri kwa mpando wakumbuyo kunamveka pampu ikung'ung'udza, mafuta akukankha mikono yachitsulo, nsalu yoyera n'kudzuka pang'onopang'ono, kuima m'mwamba, kenako kugwera pa galasi lakutsogolo lokhota lija. Anamanga zokowera ziwiri ndi manja. Amayi a msungichuma anaimba nthungululu, azungu oyandikana nafe n'kutembenuka onse.

Chomwe sichinandikomere ine ndi ichi. Titafunsa kuti wayenda nayo bwanji kuchokera kwawo, analoza ngolo yotseka yomwe inali kuseri kwa mitengo. Galimotoyi imabwera itanyamulidwa. Imayenda kuchoka mu ngolo kufika pa kapinga, n'kubwerera. Mwala umodzi wodumpha mu msewu ungathe kuwononga penti ya madola zikwi zambiri. Ndikumvetsa, ndipo ndikuvomereza kuti popanda anthu ouma mutu ngati ameneyu palibe akanaonanso mmene matumba a mpweya aja ankagwirira ntchito. Komabe galimoto imeneyi anaipangira misewu ikuluikulu yomwe America inayamba kumanga mu 1956, denga lili pansi, ndipo pa mbali iyi ine ndili ndi amalume.

Zotsalazo tinaziona mothamanga. Tinadya mpunga ndi nkhuku zomwe amayi anakonza, ena anakagula zakumwa mu Blue Moon Diner, kanyumba kodyeramo ka 1941 komwe anachita kukasamutsira pamalopa. M'nyumba ya Cadillac wotiperekeza anafunsa ana kuti apeze pothirira petulo pa galimoto ina ya zaka za m'ma 1950. Anazungulira mpaka kutopa, iye n'kuwauza kuti pali pansi pa nyale yakumbuyo ya kumanzere, yomwe imatukuka. Ku Lincoln tinangodutsa, nthawi itatha.

Pa za ndalama, zopereka zinakwanira minibasi, mafuta ndi zolowera pakhomo, ndipo msungichuma adzawerenga zotsala pa msonkhano ukubwerawu. Mamembala apempha kuti ulendo wina tidzanyamuke pa nthawi yake, komanso kuti tikaone Studebaker National Museum, yomwe ili momwe muno mu South Bend, mzinda womwe fakitale ya galimoto ya Studebaker inatseka mu Disembala 1963. Ambiri a ife timadutsa pafupi napo popita kuntchito koma sitinalowemo. Kumeneko sikufunika minibasi.