Loweruka ku Bwandilo: ng'oma ya chimtali pakati pa magitala

Lero ndinafuna kungokhala pakhomo, kuchapa ndi kupumula basi. Koma cha m'ma 3 koloko mlamu wanga anandiimbira foni: "Alamu, tiyeni ku Area 47, kuli ana ena akuimba madzulo ano. Simunong'oneza bondo." Ndinakwera minibasi mpaka ku depoti, kenako kabaza wa njinga yamoto kukafika ku Bwandilo.

Malo ake ndi kabwalo ka kuseri kwa bala ina: mipando ya pulasitiki, utsi wa kanyenya, masipika awiri atawasanjika pa makreti. Anthu tinalipo owerengeka, ambiri anali abale ndi anzawo a oimbawo. Gulu loyamba linaimba rege ya anthu ena, bwinobwino ndithu, koma palibe chomwe ndinatolapo.

Lachiwiri ndiye linandikhazika chete. Anyamata anayi a ku Kawale ndi mtsikana mmodzi pa gitala ya besi. Woimba ng'oma anaika ng'oma yachikopa pambali pa zachizungu zija, ndipo atayamba kuigunda ndinazindikira msanga kuti ndi kayendedwe ka chimtali, komwe amayi amavina m'midzi ya kuno ku chigawo chapakati. Gitala inkangotsatira ng'omayo, osaipondereza. Nyimbo zonse zinali zawozawo: ina ya lendi, ina ya mnyamata wodikira ganyu ku Mchesi, ina ya gogo wawo wa ku Mitundu. Amayi ena ogulitsa chipisi panja anasiya chiwaya n'kulowa kudzatyola dansi, chitenje chili m'chiuno. Mawu a woimba wamkulu amathawa pena ndi pena akakweza, koma mtima unalimo wonse, ndipo ine ndimasankha zimenezo kusiyana ndi nyimbo yosalala yopangidwa pa kompyuta yokha.

Atatsika ndinapita kukawapatsa moni. Mtsikana uja anandiuza kuti besi anaphunzirira ku sukulu ya zoimbaimba ya Music Crossroads ku Area 23. "Nanga nyimbozi tingazipeze kuti, asisi?" Anangoseka. "Sitinajambulebe, achimwene. Ndalama ya situdiyo ndi imene ikuvuta." Zida zomwe anaimbirazo n'zobwereka ku tchalitchi, mawa m'mamawa ziyenera kubwerera.

Apa m'pomwe pakundipweteka. Kukabwera woimba wakunja ku holo yaikulu ya BICC timagula matikiti odula osawiringula, koma pakhomo la shoo ngati iyi ndinaona bambo wina akukangana ndi mnyamata wapageti kuti alowe ulere. Tayiwala kodi kuti a Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, ankaimba m'misewu ya Lilongwe yomweyi ndi babatoni, besi yopanga okha ya chingwe chimodzi, anthu n'kumangowadutsa? Anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kenako ku Ulaya, ndipo ambiri a ife tinayamba kuwanyadira atatchuka kunja. Ana a ku Kawalewa sindikufuna kudzawamvera kutali choncho.

Pobwerera kabaza anavuta, moti tinayenda wapansi kamtunda ndithu, mlamu akung'ung'udza nyimbo ya lendi ija njira yonse. Akuti Loweruka likubwerali akaimbanso ku Nsungwi ku Area 25. Ndawauza kale achemwali anga kuti asakonze zina, ndipo tikalipira pakhomo tonse.