Mwanayu akukaphunzira chiyani?

Bambo ena achikulire anafika pa shopu yathu m'mawa wina mu 2022, tisanamalize n'kusesa komwe. Anachokera ku Phalombe, ndalama atazimangirira m'kansalu m'thumba la m'kati mwa jekete, ndipo kumbuyo kwawo kunali mtsikana wamanyazi amene anali atangosankhidwa kumene kukaphunzira ku Chanco. Ndalamazo zinali za nandolo wa chaka chonse, kuphatikizapo mbuzi ziwiri. Atakhala pabenchi analoza laputopu yasiliva imene inali pa shelefu ya pamwamba, pulasitiki wake asanamatulidwe, n'kunena kuti, "Achimwene, ndipatseni iyo. Mwana wangayu asakanyozeke pakati pa anzake."

Ndinawafunsa funso limene ndimafunsa aliyense ndisanatchule mtengo: kodi mwanayu akukaphunzira chiyani? Mtsikanayo anayankha chapansipansi kuti zachuma. Pamenepo ndinadziwa kuti laputopu yonyezimirayo sindiwagulitsa. Inali yatsopanodi, koma m'kati mwake munali purosesa (ubongo wa makina) ya Celeron, RAM (malo amene makina amagwirira ntchito zimene watsegula) ya 4GB yomatiridwiratu imene sungaichotse kapena kuwonjezera, ndi malo osungira zinthu a 64GB okha. Windows yokha imadya gawo lalikulu la malo amenewo. Munthu wongolemba makalata ikhoza kumuthandiza, koma mwana wa zachuma akafika chaka chachitatu amafuna mapulogalamu osanthula manambala monga Stata kapena SPSS, ndipo makina ngati amenewo amangoima chilili.

Ndinatulutsa m'kabati ThinkPad T480 yakuda, yokalika pakona, yoti inagwirapo kale ntchito mu ofesi ina kunja. Nkhope ya bambowo inagwa. "Ndagulitsa mbuzi zanga kuti ndidzagule kaunjika?" Sindinawatsutse. Ndinaika makina awiriwo patebulo, ndinapempha mwana wawo kuti adine mabatani onse awiri nthawi imodzi, ndipo bambowo ndinawauza kuti awerenge mokweza. Yakudayo inali itatseguka kale iwo asanafike pa 20. Yasiliva ija inali ikuzungulizabe timadontho. Kenako ndinatembenuza yakudayo, ndinasolola batire la kumbuyo makinawo akuyaka, ndipo sanazime, chifukwa mtundu umenewu uli ndi batire lina m'kati. Bambowo anayang'ana mwana wawo kwa kanthawi, kenako anayamba kumasula kansalu kaja.

Shopu yathu ili ku Zomba, panjira imene ophunzira amadutsa popita ku Chikanda, ndipo timaiyendetsa awiri, ine ndi mayi akunyumba. Iwo ndi amene amasunga mabuku a ndalama, ine ndimagwira sikuludiraiva. Tinayamba ndi kukonza mafoni pakatebulo pafupi ndi msika. Za malaputopu zinabwera mu 2020, sukulu zitatsekedwa mu March chifukwa cha Covid-19. Zinthu zambiri zinayamba kudzera pa intaneti, ndipo ophunzira ankabwera ndi makina akale a achibale awo kufunsa ngati angadzuke. Ena ankadzuka, ena ayi, ndipo amene ayi ankandifunsa kumene angagule ina yotsika mtengo. Tinaona kuti apa pali ntchito.

Katundu woyamba anatiliza. Tinasonkhanitsa mpamba wonse n'kugula malaputopu 10 kwa munthu wina amene amabweretsa katundu kuchokera ku Joni kudzera pa Mwanza. Ndinangowayatsa, ndinaona kuti akuwala, basi ndinalipira. Nditafika nawo kunyumba ndinapeza kuti anayi anali otsekedwa ndi pasiwedi ya BIOS (pulogalamu imene imayamba kudzuka ukangoyatsa makina) ya kampani imene inkawagwiritsa ntchito, moti sindikanatha kuikamo Windows yatsopano. Atatu mabatire ake ankatha mphindi zosakwana 15. Munthu uja foni yake inasiya kupezeka. Komabe ndalamazo si zimene zimandipweteka mpaka lero. Mwa atatu abwino aja, imodzi ndinagulitsa kwa mnyamata wa chaka chomaliza, ndipo hadidisiki yake, mosungira zinthu zonse, inafa kutatsala masabata awiri kuti apereke kafukufuku wake. Anabwera pa shopu, anakhala pabenchi lomwe lija, osakalipa, osalira, akungofunsa kuti, "Ankolo, palibe njira?" Ndinayesa usiku wonse. Diskiyo inkangolira tiki, tiki, tiki. Machaputala atatu anawalembanso kuchokera m'kope ndi m'mutu.

Kuyambira tsiku limenelo palibe laputopu imene imatuluka pakhomo pathu ili ndi hadidisiki yozungulira. Zonse timaikamo mosungira zinthu mwamakono motchedwa SSD, yosachepera 256GB. Ilibe kambale kozungulira m'kati, choncho siopa mabampu a kabaza, komanso ndi imene imachititsa kuti makina akale azitseguka msanga. Ndipo makina alionse ndimawayesa wogula akuona. Ndimalowa mu BIOS kuti aone kuti mulibe loko. Ndimatsegula Notepad n'kumuuza kuti adine batani lililonse la kiyibodi yekha. Sikirini ndimaiyeretsa mbuu kenako ndimaidetsa bii kuti tione ngati pali kadontho kakufa. Ndimatsegula ndi kutseka chivundikiro kangapo kumvetsera mahinji, chifukwa hinji ikayamba kulira ndiye kuti pulasitiki wa m'kati wayamba kusweka. Za batire sindinena ndi pakamwa. Ndimalemba powercfg /batteryreport, ndipo Windows imatulutsa yokha mphamvu imene batirelo linali nayo lili latsopano ndi imene latsala nayo. Manambala awiriwo wogula amawawerenga yekha.

Batire ndi nkhani yaikulu kwa ife kuposa mmene amaganizira anthu amene amapanga makinawa. Mu January 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya mphamvu pafupifupi 130 MW, ndipo magetsi ankathima maola ambiri tsiku lililonse kwa miyezi yochuluka. Mwana wobwereka chipinda ku Chikanda, amene akugawana mayunitsi ndi anzake asanu, safuna makina opyapyala okongola. Amafuna oti akawatchaja ku laibulale masana amufikitse usiku. N'chifukwa chake ndimakonda makina amene anapangidwira maofesi, monga ThinkPad, HP EliteBook 840 G5 kapena Dell Latitude 5490. Amatseguka ndi sikuludiraiva wamba, mabatire ndi makiyibodi ake amapezeka, ndipo RAM umatha kuwonjezera.

Chaja nayonso ndimaiyang'anitsitsa. Makina ochokera ku Joni amabwera ndi pulagi ya miyendo yozungulira imene silowa m'masoketi athu, ndiye ana amakankhira mawaya ndi chotsekera cholembera. Ndaona mabodi atapsa chifukwa cha zimenezi, choncho chingwecho timasinthiratu pashopu pomwepo. Chaja yabodza imadziwika ndi kupepuka kwake m'manja, ndipo imatentha ngati mbatata yootcha. Nthawi ya mvula ndimawauza kuti mabingu akayamba azule pakhoma.

Chimene chimapusitsa makolo ambiri ndi kachikwangwani ka mtundu wa purosesa kolembedwa i7. Amamva kuti 7 ndi wamkulu kuposa 5, ndiye amangoti bola yomweyo. Koma nambala yofunika ndi imene imabwera pambuyo pa kamzere. i7-4600U ndi ya m'badwo wachinayi, ya cha m'ma 2013, pamene i5-8250U ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu, ndipo imaiposa kutali. Nkhaniyi yakula tsopano chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, ndi kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0. Makina akale kuposa pamenepo adzaza m'misika pamtengo wokopa. Ine sindiwagulitsa kwa mwana wa chaka choyamba amene ali ndi zaka zinayi kutsogolo kwake.

Ndiye funso langa lija limabwereranso. Mwana wa zamalamulo kapena zauphunzitsi amawerenga ndi kulemba kwambiri, choncho i5, RAM ya 8GB ndi kiyibodi yabwino zimamukwanira. Wa zachipatala ku KUHeS amanyamula makina tsiku lonse, ndiye ndimaganizira kulemera kwake. Koma akabwera wa ku MUBAS amene akuphunzira zomangamanga kapena uinjiniya, amene adzakhale pa pulogalamu yojambulira mapulani ya AutoCAD mpaka mbandakucha, ndimamuuza mosabisa kuti pakufunika 16GB, ndipo ngati ndilibe makina omuyenera ndimamuuza kuti adikire kapena akafufuze ku Limbe. Mayi akunyumba poyamba ankadandaula kuti ndikuthamangitsa ndalama. Lero ndi iwo amene amayamba kufunsa funsolo ine ndikachokapo.

Kugwa kwa kwacha kunatsala pang'ono kutitseketsa. Mu May 2022 inatsika ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsikanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Katundu wathu yense amagulidwa ndi dola kapena randi. Ndalama zimene tinagulitsira makina asanu sizinakwanenso kuitanitsa asanu ena, ndipo makolo nawo ankangofunsa mtengo n'kubwerera. Kwa miyezi ingapo mashelefu anali mbee. Chimene chinatisunga ndi ntchito zing'onozing'ono. Mwana akabwera ndi laputopu yakale ya amalume ake, tinkangoikamo SSD, kuwonjezera RAM, kupukuta fumbi pa fani ndi kupaka mafuta atsopano oziziritsa purosesa, makinawo n'kutsitsimuka. Tinayambanso kulola anthu kulipira pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Makinawo timawamata kapepala ka dzina la mwanayo n'kuwasunga m'kabati mpaka atamaliza. Ena amadikira ngongole ya boma ya ophunzira, ena amadikira achimwene awo a ku Cape Town atumize.

Pali katundu amene sitigula ngakhale mashelefu atauma. Mnyamata akabwera madzulo ndi laputopu yabwino, yopanda chaja, akufuna ndalama zochepa msangamsanga, ndimadziwa kuti pali mwana wina ku hositelo amene akulira. Lisiti lililonse la pashopu pathu limakhala ndi siriyo nambala ya makinawo, ndipo ina timasunga m'buku lathu kuti ngati abedwa mwiniwake akhale ndi chokaonetsa kupolisi. Timapereka chitsimikizo cha miyezi itatu, ndipo mwana asanachoke ndimamukhazika pansi kuti atsegule Google Drive, imene imapereka 15GB kwaulere, n'kumuonetsa mosungira ntchito zake. Ndikamachita zimenezi ndimakumbukira mnyamata uja wa machaputala atatu.

Mtsikana wa ku Phalombe uja anabweranso chaka chatha. Manyazi aja anatha, anandipatsa moni akuseka n'kuika ThinkPad ija patebulo. Zilembo A ndi E pa kiyibodi zinali zitafufutika. Anati watenga deta ya kafukufuku wa m'mabanja wa ku National Statistical Office, konkuno ku Zomba, koma akaitsegula mu Stata makinawo akuchedwa. Ndinamasula zomangira za pansi, ndinatsegula chivundikiro, ndipo malo achiwiri a RAM anali chikhalire opanda kanthu. Ndinalowetsamo 8GB ina, ndinapukuta fumbi, ndinasinthanso batire la kumbuyo limene linali litatopa. Ntchito yonse sinathe theka la ola. Anatsegula deta yake pomwepo, anagwedeza mutu, kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa jumbo ya nandolo wopukusa kale.

"Ankolo, adadi anati ndisabwere chimanjamanja."