Lipoti la ulendo wa ku Malawi Square, ndi nkhani ya nthutumba ija

Anzanga a banki mkhonde, mwandivutitsa mokwanira kuti lipoti lili kuti, nali. Loweruka usiku a Kachale, wapampando wa bungwe loyendetsa zisankho, atangolengeza kuti a Chakwera awina upulezidenti, a tcheya anayamba kuimba mafoni kuti mawa tonse ku Lilongwe kukaonera akulumbiritsidwa, kutchalitchi tikapepesa sabata inayo. Ndiye Lamulungu pa 28 June 2020 tinanyamuka pa Dedza kusanache, kuzizira kwa kwathu kuno mukukudziwa, aliyense jekete ndi masiki.

Pa Linthipe tayala phuu! Sipeya nayo yopanda mpweya, dalaivala kukwera kabaza kukasaka pampu, ife nkuti basi titsegule poto wa nkhuku tidyeretu. Apa mpamene panavuta. Mayi msungichuma akuti nthutumba anaiika okha pamwamba, ya a tcheya, koma poto kutsegula palibe. A sekeletale milomo ili phuliphuli ndi mafuta koma akukanitsitsa kuti iwo anangolawa msuzi, a tcheya nkufunsa kuti ngati nthutumba ikusowa anthu tikuona, nanga ndalama za m'bokosi? Tinaseka mpaka kuiwala kuti tachedwa.

Tinafika pa Malawi Square pafupi ndi BICC anthu atadzaza kale, tinaima kumbuyo, ine ndinkangoona mitu ndi mbendera. Koma pamene a Andrew Nyirenda, mkulu wa majaji, ankalumbiritsa a Chilima kenako a Chakwera, thupi langa lonse linachita tsemwe. Ndiye amalume athu aja, amene njira yonse ankati iwo voti yawo inapita kwina ndipo angotsatira lifiti yokaonera mwana wawo ku Area 25, pa nyimbo ya fuko anavula chipewa misozi ili chuchuchu. Akuti linali fumbi. Fumbi lanji amalume?

Zomwe tinaphunzira, poti a tcheya akuti zilembedwe: chisankho cha 2019 cha tipeksi chija khothi linachifafaniza pa 3 February 2020, tinavotanso pa 23 June, mpando nkusintha manja ndi chala cha inki basi. Tsiku limenelo ndinanyadira kukhala Mmalawi, sindinama.

Zikomo mayi msungichuma chifukwa cha nkhuku, zikomo mnyamata wa kabaza wa pa Linthipe. Amene simunamalize ya thiransipoti mubweretse Lachisanu, ndipo a sekeletale, mlandu wanu sunathe.