Ulendo wa ku Lusaka ndi timakamera takale ta filimu

Tinanyamuka ku Chipata m'bandakucha, anthu asanu ndi mmodzi, kukachezera anzathu ojambula zithunzi a ku Lusaka. Za mumsewu sindinena zambiri. Tinawongola miyendo pa mlatho wa Luangwa, n'kufika pa siteshoni ya mabasi ya Intercity dzuwa litapendeka.

Kutacha tinakumana ku Kabwata. Bambo wina wachikulire wa gulu lawo anayala chitenje n'kundanditsapo makamera ake: Yashica Electro 35, Olympus 35 RC yomwe inatuluka mu 1970, ndi kakang'ono kwambiri, Olympus XA ka mu 1979, kokwana m'thumba la malaya. Ine anandibwereka Canonet QL17 GIII ya mu 1972, ya lenzi ya 40mm.

"Musuzumire pakawindoka, achimwene," anatero. "Pakati pali kachigamba kowala. Chinthu chikaoneka pawiri, muzipotokola lenzi mpaka ziwirizo zikumane."

Ndinayesera pa njovu yosema, ndipo minyanga inayi itasanduka iwiri ndinaseka ndekha. Anatifotokozeranso kuti mabatire a mercury a 1.35V omwe makamera ambiri otere ankagwiritsa ntchito anasiya kupangidwa, koma Canonet imajambula ngakhale popanda batire, bola usankhe wekha liwiro lojambulira ndi kukula kwa bowo lolowera kuwala. Yashica ija ndiye ayi, popanda batire siyenda bwino.

Kenaka tinayenda wapansi mu Cairo Road mpaka ku Findeco House. Filimu imodzi ndi zithunzi 36 basi, ndiye munthu umaganiza kawiri. Ine wozolowera kuthyapa zithunzi zambirimbiri pafoni, ndinaima nthawi yaitali kudikira kuti mayi wogulitsa chimanga chootcha, yemwe anali atandilola, atembenuke. Kamera imeneyi siphokosera, imangoti tche, moti mayiyo anandifunsa ngati ndajambuladi.

Koma manyazi anandigwira madzulo. Pa kamera yotere diso silidutsa mu lenzi, ndiye ngakhale chivundikiro cha lenzi chikhalepo, pakawindo umaona zonse bwinobwino. Ndinajambula zithunzi zisanu chili chitsekere! Bambo aja anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti kukanakhala batire ndipo kamera ili pa A, pomwe imasankha yokha kukula kwa bowo, batani likanakana kutsika.

Mafilimu tinawasiya ku Lusaka kuti akatsukidwe. Anzathuwo alonjeza kudzatibweretsera zithunzi akamadzabwera kwathu, pamodzi ndi zakuda zanga zisanu zija.